Azamba Akuyankha: Mapasa apezeka m'katoni, mayi wawo sakudziwika

Azamba,

Sabata yatha ana amene amakatola nkhuni anapeza katoni m'tchire la m'mbali mwa mtsinje wa kwathu kuno. M'katonimo munali timitembo tiwiri ta makanda, onse aamuna, okulungidwa bwinobwino m'chitenje chimodzi, nsengwa nayo ili momwemo. Ine ndinali m'gulu la amayi amene amfumu anatiitana apolisi asanafike, choncho ndinaona ndi maso angawa. Mmodzi anali wonenepako, wofiira kwambiri, mimba yotupa. Mnzakeyo anali wochepa, wotuwa mbuu. Apolisi anawatenga, akuti ali ku mochale, ndipo mayi wawo sakudziwika mpaka lero.

Mudzi wagawikana. Ena akuti wotuwayo anapopedwa magazi, ena akuti mayi wawo anawapotokola makosi. Pali mtsikana wina wantchito, wochokera kutali, amene anthu akumuloza chala, ati mimba yake yaphwa mwadzidzidzi. Amfumu akufuna kuti ife amayi akuluakulu tiyende khomo ndi khomo kufinya mabere a atsikana, tione amene akutuluka mkaka. Ine sindikufuna kuchimwira mwana wa eni. Kodi mapasa angafe onse awiri popanda wowapha? Nanga achipatala angadziwe bwanji?

*Mayi wa Mvano, Thyolo*

Amayi, mwachita bwino kulemba musanayambe ulendo wa khomo ndi khomowo. Ndiyamba ndi umenewo chifukwa ndiwo wachangu.

Musapite kukafinya mabere a ana a eni. Mkaka si umboni. Mayi amene wapita padera mimba ili ndi miyezi inayi kapena isanu amatuluka mkaka. Amene analetsa mwana kuyamwa miyezi ingapo yapitayo amatulukabe akafinyidwa. Alipo mankhwala ena, makamaka a matenda a maganizo, amene amatulutsa mkaka ngakhale kwa mtsikana amene sanaimepo. Ndipo mukadzamupeza wotuluka mkakayo, panja padzakhala pali chigulu chikudikira, chimene inu amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi simudzatha kuchibweza. Inu a ku Thyolo simufunika kukumbutsidwa za 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, kwanuko, mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa, ndipo wopopa magazi sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Auzeni amfumu mwaulemu kuti nkhaniyi ili kale m'manja mwa apolisi, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene ntchito yake ndi nkhani za amayi ndi ana.

Chimene chikundisowetsa tulo ine ndi mayi wa anawo. Penapake pafupi nanu pali munthu amene wachira mapasa, mwina ali yekhayekha. Chiberekero chimene chanyamula awiri chimakhala chitatanuka kwambiri, ndiye chimachedwa kukungika, ndipo mayi angathe kutaya magazi mpaka kufa m'maola awiri okha. Ngati anapulumuka pamenepo, sabata imene yadutsayi ndi nthawi imene zotsalira za nsengwa zimayamba kuola m'kati: thupi kutentha, kunjenjemera, m'mimba kupweteka, kumaliseche kutuluka zonunkha. Kuthamanga kwa magazi nako sikutha tsiku lochira. Kumatha kumugwetsa khunyu patapita masiku. Mudzi ukamasaka ndi mkwiyo, munthu wotereyu amabisala kwambiri, ndipo amafera m'nyumba. Ngati mtsikana wantchitoyo ndi amene mukumuganizira, mupiteko awiri okha ngati amayi a Mvano okazonda wodwala. Mukapeza kuti akutentha thupi kapena akutaya magazi, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuthandizeni. Mungaimbe 54747, Chipatala Cha Pa Foni, kuti mulankhule ndi namwino, kapena 116 ngati mtsikanayo sanakwane zaka 18. Sindikulonjezani kuti apolisi sadzamufunsa. Koma afunsidwe ali moyo. Ndiponso kumbukirani kuti mwina si iyeyo.

Tsono funso lanu. Inde, mapasa amafa onse awiri popanda dzanja la munthu, ndipo zimachitika kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Kafukufuku wa Christiaan Monden ndi Jeroen Smits, amene anatuluka mu 2017 atasanthula za mayiko a kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara, anapeza kuti pa ana amapasa asanu alionse mmodzi amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, kuwirikiza katatu poyerekeza ndi ana obadwa okha. Ambiri mwa iwo amapita m'mwezi woyamba. Ndipo kuwerengaku ndi kwa obadwa amoyo okha, osaphatikizapo ofera m'mimba.

Zimene mwafotokozazo, wina wofiira wotupa wina wochepa wotuwa, onse aamuna, mzamba aliyense amene wagwirapo ntchito kuchipatala chachikulu akazimva mutu umathamangira ku matenda amodzi. Kuti muwamvetse ndiyambire patali pang'ono.

Mapasa alipo a mitundu iwiri. Ambiri, makamaka kuno ku Africa, amachokera ku mazira awiri osiyana. Aliyense amakhala ndi nsengwa yake ndi nsupa yake, ndipo amatha kubadwa mwamuna ndi mkazi. Ena amachokera ku dzira limodzi limene lagawika pawiri. Awa ndi ofanana nkhope aja, ndipo amakhala amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Kwa iwowa tsiku limene dziralo lagawika ndilo limalamula zonse. Likagawika m'masiku atatu oyamba, aliyense amapeza nsengwa yake. Likagawika pakati pa tsiku la 4 ndi la 8, amadyera nsengwa imodzi koma aliyense ali mu nsupa yake. Likachedwa mpaka pakati pa tsiku la 8 ndi la 13, nsengwa imodzi, nsupanso imodzi. Kupyola pamenepo ndiye kubadwa olumikizana matupi kuja. Pa mimba zitatu zilizonse za mapasa ofanana, pafupifupi ziwiri zimakhala za nsengwa imodzi.

Pa nsengwa imodziyo mitsempha ya magazi ya ana awiriwa imalumikizana, moti magazi amayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Akamayenda mofanana mbali zonse, palibe vuto. Koma zili ngati madimba awiri othiriridwa ndi ngalande imodzi: ikapendekera kumodzi, dimba lina limasefukira pamene linalo likuuma. Madokotala amawatcha matendawa twin-to-twin transfusion syndrome, mwachidule TTTS, ndipo amagwira mimba 10 mpaka 15 pa 100 zilizonse za nsengwa imodzi, kawirikawiri pakati pa sabata la 16 ndi la 26.

Mwana woperekayo amachepa magazi, sakula bwino, ndipo sakodza mokwanira. Popeza madzi a mu nsupa pa miyezi imeneyo ambiri amakhala mkodzo wa mwana, nsupa yake imaphwa mpaka kumumatirira. Wolandirayo magazi amamuchulukira. Amakodza kwambiri, nsupa yake imadzaza mopyola, mtima wake umatopa ndi kupopa, kenako madzi amayamba kusonkhana m'mimba mwake ndi pansi pa khungu. Woona ndi maso amati wonenepayo ndiye anali wathanzi, chonsecho nthawi zambiri ndi iyeyo amene mtima umayamba kumulephera. Mayi amangoona mimba ikukula mwadzidzidzi m'masiku ochepa, yolimba, yonyezimira, kupuma kukumuvuta, kenako nsupa kusweka nthawi isanakwane. Palinso mtundu wina wa matenda omwewa, wotchedwa TAPS, umene magazi amadontha pang'onopang'ono kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono mpaka tsiku lobadwa. Anawo amatuluka wina wofiira piriwiri, wina wotuwa. Choncho mukamva anthu akuti wotuwayo anapopedwa magazi, dziwani kuti magaziwo sanapite kutali. Ngati ndi matenda amenewa, ali m'thupi la m'bale wakeyo.

Choopsa china cha nsengwa imodzi n'chakuti mmodzi akafera m'mimba, magazi a wamoyoyo amakhuthukira mwa wakufayo kudzera m'mitsempha yomwe ija. Pafupifupi 15 pa 100 amatsatira m'bale wawo, pamene kwa a nsengwa ziwiri ndi atatu okha pa 100, ndipo ena opulumuka amawonongeka ubongo. TTTS ikakula popanda chithandizo, mimba zambiri zimatha ana onse awiri atatayika. Chithandizo chake chilipo: dokotala amalowetsa kachipangizo m'chiberekero n'kuwotcha ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser mitsempha yolumikizayo, njira imene Dr Julian De Lia anaiyamba ku America mu 1988. Koma chimapezeka m'zipatala zowerengeka, ndipo mtsikana wobisa mimba kumudzi, amene sanapondepo kusikelo, sangadziwe n'komwe kuti wanyamula awiri.

Apa ndikuchenjezeni: ine sindinawaone anawo, ndipo maonekedwe a mtembo amanamiza. Munthu akamwalira magazi amatsikira mbali imene wagonera, mbaliyo n'kufiira, ya pamwamba n'kutuwa. Mukaona mmodzi chakumsana wina chakumimba, mudzati ndi osiyana. Kutupa mimba nako kumabwera ndi kuwonongeka kwa mtembo, makamaka nyengo yotentha. Chimene chingaweruze ndi nsengwa ija. Katswiri amaona ngati ndi imodzi kapena ziwiri zomatana, amayang'ana kachikopa kolekanitsa nsupa ziwirizo ngati n'kopyapyala kapena kokhuthala, ndipo amatha kuthira utoto m'mitsempha kuti aone pamene yalumikizana. Ndikudziwa kuti mwambo wathu ndi wakuti amayi akuluakulu amafulumira kukwirira nsengwa amuna asanaione. Ngati munatero tsiku limenelo, kauzeni apolisi pamene munaikwirira.

Ngakhale atakhala kuti si matenda amenewa, njira zotayira mapasa ndi zambiri. Yaikulu kuposa zonse ndi kubadwa masiku asanakwane. Mapasa oposa theka amabadwa asanafike sabata la 37, ndipo dziko lathu lino lipoti la mabungwe a zaumoyo la 2012 linaliika patsogolo pa dziko lonse lapansi pa vutoli, ana 18 pa 100 alionse. Mwana wosakwana masabata 34 mapapo ake amakhala asanayambe kupanga mokwanira timadzi toterera timene timaletsa mapapo kumatana akatulutsa mpweya. Amabuula, nthiti zikulowa m'kati, mpaka kutopa. Kuyamwa ndi kumeza pamodzi sakutha, ndiye shuga amatsika m'thupi. Mafuta a pansi pa khungu alibe, choncho kuzizira kwa usiku umodzi wa mwezi wa June ku Thyolo, ali wonyowa pa simenti, n'kokwanira kumupha. Ku Chatinkha, ku chipatala cha Queen Elizabeth, ana otere amawaika pa makina a Pumani owathandiza kupuma, komabe ena amapita anamwino ali pomwepo. Nanga m'kachipinda ka wantchito, kopanda nyali?

Wachiwiri kubadwa ali ndi tsoka lakelake. Woyamba akangotuluka, chiberekero chimachepa mwadzidzidzi. Nsengwa ikhoza kuyamba kumatuka wachiwiriyo akanali m'kati, chingwe cha mchombo chikhoza kutsogola n'kupanikizika, kapena mwanayo akhoza kupingasa n'kutulutsa mkono. M'chipinda chochirira timakhala maso ali pa wotchi, sitifuna kuti papite mphindi zoposa 30 pakati pa awiriwo, ndipo tikaona zavuta timathamangira kuopaleshoni. A nsupa imodzi aja, amene sapezekapezeka, zingwe zawo zimakolana ndi kumangana mfundo, onse n'kufa nthawi imodzi. Kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera kumagwira a mapasa kuwirikiza kawiri kapena katatu. Chindoko chosachizidwa chimapha ana m'mimba, malungo amawononga nsengwa, ndipo mwanamphepo amene ena amamwa kuti matenda afulumire amakunga chiberekero mosalekeza mpaka ana kusowa mpweya.

Nanga achipatala amadziwa bwanji? Dokotala wopima mitembo amafuna kuyankha mafunso atatu: anawo anali a miyezi ingati, anabadwa amoyo kapena akufa, ndipo chinawapha n'chiyani.

Loyambalo ndilo losavuta. Amayeza kulemera, kutalika kwa thupi ndi kutalika kwa phazi, chifukwa phazi silisintha kwenikweni ngakhale mtembo utayamba kuwonongeka. La mwana wokwana masiku limafika pafupifupi masentimita 8. Amayang'ananso kumapeto kwa fupa la ntchafu, pa bondo, pamene kadontho ka fupa lolimba kamaonekera mwana akayandikira masabata 36. Akapeza kuti anawo anali a miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nkhani yonse imasintha, chifukwa ana a msinkhu umenewo sakanakhala moyo kunja kwa chipatala ngakhale mayi akanawakonda chotani.

Lachiwiri ndilo lovuta. Mwana akafera m'mimba, pakatha maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo khungu limayamba kusupuka, kenako thupi limafewa, chingwe cha mchombo chimasanduka chofiirira, mafupa a mutu amakwerana. Ife azamba timalemba zimenezi m'kaundula tsiku lililonse, kusiyanitsa wofa kale ndi wofa pobadwa. Zizindikiro zimenezi zikaoneka bwino, mayi sanaphe mwana wobadwa. Kumbali inayo, mkaka ukapezeka m'mimba mwa mwana, ndiye kuti anakhala moyo mpaka kuyamwa. Mchombo umene wayamba kuuma, patsinde pake pali kamzere kofiira, umasonyeza kuti anakhala tsiku limodzi kapena awiri. Ngakhale mano amene sanamere amasunga kamzere kosonyeza tsiku lobadwa, kamene kamaoneka pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono ngati mwanayo anakhala masiku angapo. Vuto limakhala pa mwana amene wafa mphindi zochepa asanabadwe kapena atangobadwa, chifukwa awiriwa amaoneka chimodzimodzi.

Mwina mudzamva kuti adokotala anaika mapapo m'madzi, akayandama ndiye kuti mwana anapuma. Njira imeneyi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa milandu ku Germany m'zaka za m'ma 1680, ndipo mpaka lero ena amaigwiritsabe ntchito, koma payokha siyodalirika. Mtembo ukayamba kuwonongeka umatulutsa mpweya umene umayandamitsa mapapo a mwana amene sanapumepo. Mayi akayesa kumuuzira mpweya m'kamwa kuti amudzutse, mapapo amathanso kuyandama. Ndipo mwana wobadwa wamoyo koma wosakhwima mapapo ake amatha kumira. Ine zimandiwawa kuganiza kuti kuyesa kupulumutsa mwana wako kungasanduke umboni wokumangitsa. Dokotala wosamala amaonanso minofu ya mapapowo pa makina, ndipo akalephera kutsimikiza amalemba kuti sizikudziwika. Kwa mitembo imene yakhala masiku kutchire, yankho limeneli ndilo limabwera kawirikawiri, ndipo mudzi uyenera kulilandira ngakhale silikhutitsa mtima.

Za kupotokola makosi, dokotala amasiyanitsa mabala ochitika mwana ali moyo, amene amakhala ndi magazi oundana m'minofu, ndi ochitika atafa kale chifukwa cha agalu, makoswe kapena nyerere. Zikande za pakhosi nazo si nthawi zonse zimatanthauza kupha. Mayi wochira yekha amakoka mwana ndi manja ake pomwe wagwira.

Sindikunena kuti palibe amayi amene amapha ana awo. Alipo, ndipo ana amenewo nawo ndi anthu oyenera chilungamo. Malamulo athu amasiyanitsa milandu. Gawo 232 la malamulo a milandu ndi zilango limanena za kubisa kubadwa kwa mwana potaya mtembo mwamseri, kaya mwanayo anafa asanabadwe, pobadwa kapena atabadwa. Gawo 230 limanena za mayi amene wapha mwana wake wosakwana miyezi 12 maganizo ake atasokonezeka chifukwa cha kubereka kapena kuyamwitsa, ndipo silimuika pamodzi ndi wakupha mwadala. Kusankha gawo loyenera ndi ntchito ya khoti, litamva dokotala. Chimene ndinganene ine monga mzamba n'chakuti mafunso a m'mudzi mwanu onse alunjika kwa mkazi. Amene anapereka mimbayo sindinamumve akutchulidwa m'kalata yanu, ndipo ngati mayiyo ndi mwana wantchito wosakwana zaka 18, apolisi ayenera kufunsanso za m'nyumba imene amagwiramo ntchito.

Azamba,

Kuno kwathu sipatha chaka osamva kuti kwapezeka khanda m'chimbudzi kapena pa mtaya. Timaona apolisi akubwera, kenako zii. Kodi ana amenewa amadziwika eni ake? Amawaika ndani?

*Bambo wa ana anayi, Ndirande*

Bambo, ena amadziwika m'masiku oyamba, kawirikawiri chifukwa mayi wadwala n'kufika kuchipatala, kapena wina wazindikira chitenje kapena chikwama. Akapanda kudziwika, mtembo umasungidwa ku mochale mpaka apolisi ndi adokotala atamaliza zawo, kenako achipatala mogwirizana ndi khonsolo amauika m'manda pamodzi ndi mitembo ina yosowa abale.

DNA imatha kutsimikiza kuti mwana uyu ndi wa mayi uyu, koma pafunika munthu woyerekeza naye. Payokha sitchula dzina. Ku America kunachitika nkhani ya mapasa imene imasonyeza kutalika kwa njirayi. Mu June 2003 wantchito wotola zinyalala ku Stickney, kufupi ndi mzinda wa Chicago, anapeza mitembo ya mapasa aamuna ongobadwa kumene. Opima anapeza kuti anabadwa amoyo n'kufa chifukwa chobanika. Mayi wawo sanadziwike kwa zaka 17. Anapezeka mu December 2020, apolisi atayerekeza DNA ya anawo ndi ya anthu amene anatumiza yawo pa intaneti pofufuza mibadwo ya makolo awo, n'kutsata achibale mmodzimmodzi mpaka kufika kwa iye. Zinatheka chifukwa zoyeza za anawo zinasungidwa bwino kuyambira tsiku loyamba.

Ndiye mukadzapezeka pamalo potere, chinthu choyamba onani ngati mwanayo akupuma. Khanda lozizira kwambiri limaoneka ngati lafa. Ngati pali kachizindikiro kalikonse ka moyo, lipukuteni, liikeni pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, fundani, thamangirani kuchipatala. Ngati lafadi, musasunthe kanthu, musachape nsalu, musataye thumba, ndipo letsani anyamata kujambula n'kumwaza pa WhatsApp. Mipingo ina imapempha kwa apolisi ndi achipatala kuti iike okha ana otere mwaulemu kufufuza kukatha. Mungayambitse zimenezo kumpingo kwanu.

Azamba,

Ndili ndi pakati pa miyezi itatu ndipo atandijambula andiuza kuti ndi mapasa. Agogo anga anataya mapasa kawiri. Ndili ndi mantha. Ndichite chiyani?

*Woyembekezera koyamba, Kasungu*

Mwanangu, uli ndi mwayi umene agogo ako analibe: wadziwa msanga. Bwerera kwa amene anakujambulayo sabata ino ukafunse funso limodzi: nsengwa ndi imodzi kapena ziwiri? Zimaoneka bwino pakati pa sabata la 11 ndi la 14, ukachedwa zimavuta kusiyanitsa. Alembe yankholo m'buku lako la kusikelo. Ngati ndi ziwiri, matenda a magazi amene ndafotokoza pamwambapa sakukukhudza. Ngati ndi imodzi, uyenera kujambulidwa pafupipafupi, masabata awiri alionse kuyambira sabata la 16 ngati n'kotheka, ndipo upemphe kuti akutumize kwa dokotala wa amayi ku chipatala cha boma kapena ku Kamuzu Central.

Kusikelo usaphonye. Masiku ano timati mayi aonedwe kasanu ndi katatu, koma wa mapasa amafunika kuposa pamenepo. Ulendo uliwonse akuyeze kuthamanga kwa magazi. Kukafika 140/90 usabwerere kunyumba osaonana ndi dokotala. Uyezetse chindoko ndi HIV pamodzi ndi amuna ako. Chindoko chimachizika ndi jakisoni wa penisilini. Umwe Fansida monga akuuzira, ugone m'masikito, ndipo mapiritsi owonjezera magazi usawabise pansi pa mphasa chifukwa cha nseru, pakuti ana awiri amadya magazi a mayi kwambiri. Mwanamphepo, ngakhale akupatse ndi apongozi, ukane mwaulemu.

Usadikire tsiku la sikelo ukaona izi: mimba kukula mwadzidzidzi n'kulimba, mutu kupweteka kosaleka, kuona zideruderu, nkhope ndi manja kutupa, magazi kapena madzi kutuluka, ana kuchepetsa kugunda, kapena msana ndi m'mimba kupweteka mobwerezabwereza miyezi isanakwane. Matenda akayamba masabata 34 asanakwane, kuchipatala kuli jakisoni wa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a ana, koma amafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti agwire ntchito, choncho ola lililonse lochedwa kunyumba ndi lotayika.

Mapasa sachirira kunyumba, ndiponso sachirira pa chipatala chaching'ono chopanda opaleshoni ndi magazi. Sitiwadikiranso mpaka masabata 40: a nsengwa ziwiri timafuna abadwe cha pa 37 kapena 38, a nsengwa imodzi cha pa 36, a nsupa imodzi pakati pa 32 ndi 34, ndipo amenewa ndi a opaleshoni basi. Ngati kwanu n'kutali, konzeka zokakhala kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chitatu ukamayamba, ufa, nkhuni ndi wokudikirira zikhale zokonzeka kale.

Akabadwa ochepa thupi, osakwana makilogalamu 2.5, adzakuphunzitsa kangaru, kuika mwana pachifuwa khungu kukhudza khungu usana ndi usiku. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inayamba ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ana ndi awiri, chifuwa chako n'chimodzi, ndiye uwauziretu amuna ako kuti mmodzi adzakhala pachifuwa pawo. Agule malaya otsegula kutsogolo, ndipo iwe uluke tizipewa tiwiri ndi timasokosi.